Kamwana ka gwape kogona kokha si kamasiye

Kuno ku Chikwawa, m'midzi yoyandikana ndi Lengwe, munthu akapeza kamwana ka gwape kapena ka mbawala mu udzu amathamangira kukanyamula, ati mayi ake adafa. Chifundo chimenechi chapha tiana tambiri.

Nyamazi zimabisa ana mwadala. Kamwana kamagona phee, khosi pansi, osasuntha ngakhale mufike pafupi. Mayi amakadya patali kuti fisi kapena galu asalondole fungo lake mpaka pamwanapo, kenaka amabwera kudzayamwitsa. Inu mukaima pamenepo, iye ali patchire, akudikira kuti muchoke.

Ndidaonapo kena katamangidwa chingwe pakhonde, akukamwetsa mkaka wa ng'ombe. Kadatsegula m'mimba, nthiti zonse poyera, sabata isanathe kadafa. Mpaka lero zimandiwawa. Komwe kapulumuka kamazolowera anthu, agalu a m'mudzi n'kukamaliza.

Amasiye enieni alipo, monga pamene mayi wafera pamsampha wa waya. Zikatero dziwitsani alonda a nyama a ku Lengwe kapena ku Majete, chifukwa kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Ku Lilongwe Wildlife Centre kuli akatswiri olera nyama zotere.