Mlandu wa ku Gangra: Pamene Mabishopu Anaweruza Anthu Opemphera Kwaokha

Mkangano wa Akhristu amene amakwera mapiri kukapemphera, monga phiri la Bunda kufupi ndi Lilongwe, sukutha m'mipingo yathu. Abusa ena amadandaula kuti nkhosa zawo zimachezera kuphiri Lachisanu usiku koma Lamulungu sizioneka m'tchalitchi, ndipo amawerenga Mateyu 18:20, pamene Yesu akulonjeza kukhala pakati pa awiri kapena atatu osonkhana m'dzina lake. Okwera mapiriwo nawonso ali ndi mavesi awo, makamaka Mateyu 6:6, wonena za kulowa m'chipinda ndi kutseka chitseko, komanso Mateyu 14:23, pamene Yesu anakwera phiri yekha kukapemphera. Mliri wa Covid-19 utachepetsa misonkhano mu 2020, funso lakuti Mulungu amakumana ndi munthu kuti linafika ngakhale m'makomo mwa anthu amene sanakwerepo phiri. Mlandu wofanana ndi umenewu unaweruzidwapo kale zaka zoposa 1,600 zapitazo, m'tauni ya Gangra, yomwe lero ndi Çankırı ku Turkey.

Nkhaniyi imayambira ku Egypt. Anthony, yemwe anabadwa cha m'ma 251 ndi kumwalira mu 356, anamva Mateyu 19:21 ukuwerengedwa m'tchalitchi, nagawa minda yake, nagulitsa katundu wake, napita kukakhala kumanda, kenako m'linga lakale losiyidwa, momwe anadzitsekera zaka pafupifupi 20 akulandira buledi kawiri pachaka. Ndi chinthu chofunika kuchiona kuti kuitanidwa kwa munthu wotchuka kwambiri pa moyo wa payekha kunachitikira pakati pa mpingo wosonkhana. Zambiri zimene timadziwa za iye zimachokera m'mbiri imene analemba Athanasius, bishopu wa ku Alexandria, ndipo mbiriyo imanenetsa kuti Anthony ankaweramira mabishopu ndi ansembe. N'kutheka kuti zinalidi choncho, koma wolembayo anali bishopu amene ankafuna kuti amonke (anthu odzipatula ku moyo wa kupemphera ndi kudzimana) a m'chipululu akhale kumbali yake, ndipo pa zaka 20 za m'lingamo mbiriyo siinena kanthu za Mgonero wa Ambuye. Cha m'ma 320, Pachomius anayamba kusonkhanitsa amonke pansi pa lamulo limodzi ku Tabennisi, moti njira ziwirizo, ya payekha ndi ya pamodzi, zinayendera limodzi ku Egypt kwa nthawi yaitali.

Kumene zinthu zinafika poipa ndi kumpoto kwa Asia Minor (Turkey wa lero), komwe Eustathius, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa ku Sebaste m'chigawo cha Armenia, ankaphunzitsa moyo wodzimana. Otsatira ake sanathawire kuchipululu ngati a ku Egypt. Iwo anakhalabe m'matauni ndi m'midzi, koma anasiya kupita kutchalitchi n'kumachita misonkhano yawoyawo, ndipo ichi ndicho chinawawa mabishopu, chifukwa munthu wobisala m'phanga sadetsa nkhawa ngati mnansi amene amadutsa pakhomo pa tchalitchi osalowamo. Mabishopu ochepa chabe, opitirira pang'ono khumi, anasonkhana ku Gangra, nalemba kalata kwa anzawo a ku Armenia pamodzi ndi malamulo 20.

Kalatayo ndi malamulowo zimandandalika milandu mwatsatanetsatane. Akazi ena anasiya amuna awo, nameta tsitsi, navala zovala zachimuna. Makolo ena ananyanyala ana awo, ndipo ana ena anasiya makolo, onse akunena kuti akutumikira Mulungu. Akapolo anathawa ambuye awo. Anthuwo ankakana kulandira Mgonero kwa wansembe wokwatira, ankadzudzula odya nyama, ankasala kudya Lamulungu, tsiku limene mpingo wonse sunkasala, ndipo ankanyoza zikumbutso za ofera chikhulupiriro. Lamulo lachisanu limatemberera aliyense wophunzitsa kuti nyumba ya Mulungu ndi misonkhano ya m'menemo n'zonyozeka, ndipo lachisanu ndi chimodzi limatemberera wochita misonkhano yapadera popanda wansembe wovomerezedwa ndi bishopu. Malamulo awiri otsatira amakamba za zipatso zoyamba za m'munda, zimene kwathu kuno tikanati masika, pakuti otsatira Eustathius ankazilandira n'kuzigawa okha. Wowerenga aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa akulu a mpingo angazindikire kuti pamene anthu apita ndi mapemphero awo kwina, zopereka zimapitanso komweko, ndipo sitingachotse mfundo imeneyi pa mkwiyo wa mabishopuwo.

Chaka cha msonkhanowu akatswiri sagwirizana. Olemba mbiri ya mpingo awiri a m'zaka za m'ma 400 amatsutsana: Sozomen amauika poyambirira, cha m'ma 340, pamene Socrates amauika pambuyo pa 360. Chovuta china chachikulu n'chakuti mawu onse amene tili nawo ndi a oimba mlandu. Palibe buku kapena ulaliki wodziwika bwino kuti ndi wa Eustathius umene unatsala, ndipo palibe mkazi ngakhale mmodzi mwa ometa tsitsi aja amene tikumva chifukwa chake kuchokera pakamwa pake. Sozomen mwiniyo amanena kuti ena ankati zolakwazo zinali za ophunzira ena a Eustathius, osati za iye. Tiyeneranso kukumbukira nyengo yake. Chizunzo cha Akhristu chinali chitangotha mu 313, mfumu Constantine inali itakomera mpingo mtima, ndipo matchalitchi anadzaza ndi anthu amene ena mwa iwo analowa chifukwa Chikhristu chinali chitayamba kupindulitsa. Munthu amene makolo ake anazunzidwa chifukwa cha dzina la Yesu akanatha kuyang'ana khamu limenelo n'kudzifunsa moona mtima ngati Mulungu analidi pakati pake. Ine sindiona kuti funso lotere linali la kunyada kokha.

Chodabwitsa n'chakuti mabishopuwo, pomaliza malamulo awo, anafewetsa mawu. Iwo analemba kuti sakudula anthu ofuna moyo wodzimana motsata Malemba, koma okhawo amene amausandutsa chifukwa chodzikwezera pamwamba pa anzawo. Analembanso kuti amalemekeza nyumba za Mulungu ndi misonkhano ya m'menemo, koma satsekera kupembedza m'nyumbazo. Choncho ngakhale oweruzawo sananene kuti Mulungu sapezeka kunja kwa tchalitchi. Chimene anakana chinali chakuti munthu anyoze msonkhano wa abale ake.

Yankho lokhalitsa linadzachokera kwa munthu amene anali wophunzira ndi bwenzi la woimbidwa mlanduyo. Basil wa ku Caesarea, wobadwa cha m'ma 330, anayendera amonke a ku Egypt, Palestine, Syria ndi Mesopotamia cha m'ma 357, nawasilira kwambiri, koma atabwerera anasankha moyo wa pamodzi. M'malamulo amene analembera amonke ake, iye anafunsa wokhala yekha kuti adzasambitsa mapazi a ndani, adzasamalira ndani, ndiponso adzakhala wotsiriza poyerekeza ndi ndani. Anakumbutsa Mlaliki 4:10, kuti tsoka kwa wokhala yekha akagwa, popeza palibe womudzutsa, ndipo anati mphatso ya Mzimu imene munthu ali nayo yekha imakhala ngati ndalama yokwiriridwa pansi. Pa njala ya cha m'ma 368 ndi 369 Basil anadyetsa anthu ambiri, ndipo atakhala bishopu mu 370 anamanga kunja kwa Caesarea malo aakulu osamalirako odwala, osauka ndi alendo. Eustathius nayenso anali ndi nyumba ya osauka ku Sebaste, ndipo Sozomen amanena kuti ena ankakhulupirira kuti malamulo a Basil aja analembedwa ndi Eustathius. Akatswiri ambiri savomereza zimenezo, koma mphekeserayo imasonyeza mmene anthu a nthawiyo ankaonera kufanana kwa awiriwa.

Zotsatira zake zinayenda m'njira yomweyo ya moyo wa pamodzi. Msonkhano wa ku Ephesus mu 431 unatsutsa gulu la Messalians, dzina lotanthauza anthu opemphera, lomwe ankaliimba mlandu wokweza pemphero losalekeza pamwamba pa ubatizo ndi Mgonero. Wa ku Chalcedon mu 451 unaika amonke pansi pa bishopu wa dera lawo. Benedict, wolemba malamulo a amonke ku Italy m'zaka za m'ma 500, analola moyo wa payekha kwa amene ayamba aphunzira nthawi yaitali pakati pa abale. Mu 1963 msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha mapemphero a mpingo, unatchula Mateyu 18:20 ndi Mateyu 6:6 onse awiri, motalikirana ndime zochepa chabe.

Basil ndi Eustathius anadzasiyana m'zaka za m'ma 370, koma chifukwa cha nkhani ina, ya umulungu wa Mzimu Woyera. M'kalata yowawa imene Basil analemba cha m'ma 375, iye anakumbutsa mnzake wakaleyo za maulendo ake ku nyumba ya amonke ya m'mbali mwa mtsinje wa Iris, ndi masiku amene awiriwo anakhala kwa amayi ake a Basil, m'mudzi wa kutsidya, akucheza za Mulungu usana ndi usiku.