"Might" sikuti ndi "mwina" nthawi zonse

Zimanditopetsa kuona ophunzira a Fomu 4 akumasulira "might" kuti "mwina" paliponse pomwe awapeza. Pa "he might come" amakhoza. Koma akangokumana ndi "he pulled with all his might" amabalalika, chifukwa apa mawuwa akutanthauza mphamvu.

Matanthauzo awiriwa tsinde lake ndi limodzi. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, munali mneni "magan", kutanthauza kutha kuchita chinthu. Pamenepo mpomwe panachokera "may", ndipo "might" wa kukayika uja ndi nthawi yake yakale, "mihte". Dzina lakuti "miht", mphamvu, nalonso n'lapachibale. Ndiye poyamba nkhani inali ya kuthekera, kukayika kunalowa pambuyo pake. Ajeremani mpaka lero amati "Macht" ponena mphamvu, ndipo abale athu okhala ku Joni angakuuzeni kuti m'Chiafrikaans "mag" ndi mphamvu komanso chilolezo. Zilembo "gh" zomwe sitizitchula lero kale zinkamveka kukhosi. "Almighty" wa m'mapemphero ndi yemweyo, Wamphamvuzonse. "Power" ndi mlendo: anabwera ndi Chifalansa William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066.

Mtsikana wina wanzeru kwambiri m'kalasi mwanga amandiwawabe mumtima. Pa mayeso oyeserera, ndime yonse inkanena za mfumu yomwe inagonjetsa adani ndi "military might". Iye anayankha kuti mfumuyo inkakayika ngati ipite kunkhondo. Mafunso onse otsatira anawalakwa chifukwa cha liwu limodzi. Nditamufunsa, anandionetsa mndandanda womwe anagula kwa munthu wina wophunzitsa pa WhatsApp: liwu lililonse tanthauzo limodzi, basi. Munthuyo ankalipiritsa mwezi ndi mwezi.

Inu makolo, chenjerani ndi anthu otere. Amene akulonjeza kuti mwana wanu adziwa Chingerezi m'masabata awiri poloweza mindandanda akungodya ndalama zanu. Ena amafika popeka okha chiyambi cha mawu kuti aoneke ophunzira. Gulani dikishonale yeniyeni, ngakhale yakale ya pa kaunjika, mwanayo aziwerenga matanthauzo onse a liwu, osati loyamba lokha. Ndipo musadikire kuti MANEB itulutse tsiku la mayeso. Chizolowezi chimenechi chimayambira ku Fomu 1, ndipo pofika teremu yomaliza chimakhala chitazika mizu moti mphunzitsi sangachizule m'mwezi umodzi.