Chibayo chosamva mankhwala mwa khanda: mwina vuto lili mumtima

Khanda likamatsokomola ndi kubanika, ambiri timathamangira kunena kuti ndi chibayo, ndipo nthawi zambiri chimakhaladi chibayo. Koma pali ana ena omwe amamaliza mankhwala a chibayo a amoxicillin osasintha, kapena amapezako bwino masiku ochepa n'kuyambiranso. Ena mwa iwowa anabadwa ndi mtima umene sunapangike bwino.

Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse amabadwa ndi vuto la mtima. Ambiri amakhala ndi kabowo pakati pa zipinda za mtima. Ena ochepa kwambiri, mitsempha yobwezera magazi kuchokera m'mapapo imalumikizika pamalo olakwika. Magazi akachulukana m'mapapo chifukwa cha mavuto amenewa, mwana amapuma movutika ngati wachibayo, ndipo mapapo otere sachedwanso kugwidwa ndi chibayo chenichenicho. N'chifukwa chake matenda a mtimawa amabisala. Mwana akhoza kubadwa wooneka wathanzi, zizindikiro n'kuyamba patatha mwezi umodzi kapena iwiri.

Amayi, muonetsetse nthawi yoyamwitsa, pakuti chipatala sichiona zomwe mumaona inu. Mwana wa vuto la mtima amayamwa pang'ono, n'kusiya bere kuti apume, thukuta lili kamukamu pachipumi ngakhale kukuzizira. Amapuma mofulumira ngakhale ali mtulo thupi lisakutentha: maulendo 60 kapena kuposa pa mphindi kwa mwana wosakwana miyezi iwiri, 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka. Kusikelo sakukwera. Apa m'pamene agogo amatchula tsempho, mwana n'kutemeredwa mphini, nthawi n'kumatayika. Vutoli silibwera chifukwa mayi kapena bambo analakwa mwambo.

Lilime kapena milomo ikada ngati yabuluu, kapena mwana akakana bere, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Popita kuchipatala, monga cha ku Ndirande, Limbe, Bangwe kapena Zingwangwa mu Blantyre, tengani buku lakuchipatala, muwauze adokotala kangati mwana walandira mankhwala a chibayo ndi momwe amayamwira. Musachite manyazi kufunsa kuti, “Adokotala, mtimawu mwaupima?” Akakayikira, amatumiza mwana ku Gulupu, kuchipatala cha Queen Elizabeth, kumene amaunika mtima ndi makina a echo. Kuunikaku sikupweteka.

Mabowo aang'ono ambiri amatsekeka okha mwana akamakula. Ana ena amafunika mankhwala ochotsa madzi m'mapapo, ena opaleshoni. Podikira zonsezi pitirizani kuyamwitsa pafupipafupi, ndipo katemera asamudumphe.