Tipeksi wa 2019 si umboni woti tisiye kuvotera papepala

Ambiri akakumbukira chisankho cha 2019 amati pepala ndi lomwe linatipweteka, tikanavotera pa makina sipakanakhala za tipeksi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amandidetsa nkhawa.

Tipeksi uja anapakidwa pa mapepala olembapo zotsatira, osati ovotera. Ndipo poti anali mapepala, maloya anawanyamula kupita nawo kukhoti, oweruza asanu aja n'kuona ndi maso awo pomwe nambala inafufutidwa n'kulembapo ina. Pa 3 February 2020 anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Nanga nambala ikasinthidwa m'kati mwa makina, angaione ndani? Monita wa chipani amene wachezera pa sukulu ya pulayimale, kuwerenga nawo voti imodziimodzi nyali ili pambali, sangasuzumire mu pulogalamu ya kompyuta.

Ngakhale ku Germany, komwe ukadaulo sukusowa, khoti lalikulu linagamula mu 2009 kuti makina omwe ankavotera ankaphwanya malamulo a dziko, chifukwa munthu wamba sakanatha kutsimikiza yekha kuti mavoti awerengedwa bwino. Namibia nayo inayamba kuvotera pa makina mu 2014, koma pano inabwerera ku pepala.