Kodi a ku Japan onse adzakhaladi a Sato?

Mu 2024 pulofesa wina wa pa yunivesite ya Tohoku, Hiroshi Yoshida, anachita masamu ake nkunena kuti zinthu zikapitilira chonchi pofika 2531 munthu aliyense ku Japan dzina lake la banja lizidzakhala Sato, dzina lofala kwambiri kumeneko. Anthu anaseka ndithu, koma mkuluyu amakokera ku gawo 750 la malamulo awo, lomwe limati anthu akakwatirana atenge dzina limodzi, kaya la mwamuna kaya la mkazi. Papepala zikuoneka zachilungamo eti, koma pa mabanja 100 alionse pafupifupi 95 amene amataya dzina ndi mkazi. Khothi lalikulu linagamula mu 2015 ndi 2021 kuti lamuloli lilibe vuto, ndipo oliteteza amati ndi mwambo wa makolo.

Nde tiyeni tiuone mwambowo unayamba liti.

Nthawi ya Edo (1603 mpaka 1868) dzina la banja linali ngati lupanga, la ma samurai, ankhondo a nthawiyo, ndi ochepa amene apatsidwa chilolezo. Mlimi wamba pa za boma amangolembedwa dzina lake loyamba basi. Zinasintha boma latsopano la mfumu Meiji litalowa mu 1868. Mu 1870 linalengeza kuti anthu wamba akhoza kukhala ndi mayina a banja, anthu sanathamangire ayi, ambiri amaganiza kuti ndi msampha wa msonkho, ndipo sanali kulakwitsa kwenikweni chifukwa boma limafuna kaundula wodziwa ndani akhome msonkho, ndani apite ku usilikali, poti lamulo lokakamiza anyamata kulowa usilikali linabwera mu 1873 ndipo anyamata khumi otchedwa Taro m'mudzi umodzi uwasiyanitsa bwanji? Pa 13 February 1875 kunyengerera kunatha, aliyense akhale ndi dzina, afune asafune.

Nkhani imene imakonda kufotokozedwa ndi yakuti alimi anakhamukira kwa ansembe a pa kachisi ndi akuluakulu a m'mudzi kuti awapangire mayina, iwo nkumangoyang'ana panja. Mayinawo amaikiradi umboni: Tanaka ndi pakati pa munda wa mpunga, Yamamoto m'munsi mwa phiri, Kobayashi kankhalango, Takahashi mlatho wautali wopita m'mwamba. Koma akatswiri a mbiri atafufuza mabuku a zopereka za m'makachisi anapeza alimi ambiri atalembedwa ndi mayina a banja kalekale 1870 isanafike, amangoletsedwa kuwatchula pa za boma. Ine ndimakhulupirira mabukuwo kuposa nthano ija, ngakhale ena anapekadi pompo. Nawo a Sato, Kato, Ito, ka "to" kakumapetoko ndi chilembo chomwe chija cha "fuji" mu dzina la Fujiwara, banja lamphamvu la kale, koma si onse ali ndi magazi ake. Ndipo banja la mfumu yawo mpaka lero lilibe dzina la banja, Mako, mwana wamkazi wa m'banjali, analipeza mu 2021 atakwatiwa ndi Kei Komuro.

Koma apa mpamene pali nkhani. Mu 1876, patangotha chaka, boma lomwelo linalamula kuti mkazi akakwatiwa asunge dzina la kwawo, ngati mmene Nabanda amakhalabe Nabanda olo akwatiwe kwa a Phiri. Zoti banja lonse dzina limodzi zinalowa m'malamulo mu 1898, mkazi nkumawerengedwa wa nyumba ya mwamuna. Mu 1947 anangofewetsa kuti awiriwo azisankha okha.

Oteteza lamuloli ali ndi mfundo yawo, akuti ana asamasiyane dzina ndi kholo, komanso dzina lakale mkazi atha kumaligwiritsabe ntchito ku ofesi. Chabwino. Koma amene amakaima pa mzere ku banki ndi ku ofesi ya mapasipoti kukasintha mapepala ndi mayi uja, ndipo komiti ya unduna wa zachilungamo inapereka kale maganizo osintha lamuloli mu 1996, bungwe la makampani akuluakulu la Keidanren linapemphanso zomwezo mu 2024, koma gawo 750 likadali pompo.