Mphaka wa ku Liverpool ndi mkangano woti kuyenda kumachokera kuti

Ndinaoneranso kanema uja wa Gert-Jan Oskam, bambo wa ku Netherlands amene anapuwala atachita ngozi ya njinga ku China mu 2011, kenako mu 2023 nkuonetsedwa akuimirira ndi kuyenda, mpaka kukwera masitepe, gulu la Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch la ku Lausanne ku Switzerland litamuika tizipangizo m'mutu ndi kumsana. Ena amati ndi kompyuta yomwe ikumuyendetsa, ena amati ndi ubongo wake basi. Onsewa akuiwala msana, ndipo dzina la amene anaonetsa poyera kuti msanawo uli ndi kayendedwe kakekake silimveka nkomwe: Thomas Graham Brown, yemwe anamwalira mu Okutobala 1965.

Aliyense amene anazingapo nkhuku nkuitaya msanga amadziwa kuti imathamanga mutu palibe. Funso linali loti kodi akuuza miyendo kuti uwu patsogolo uwu pambuyo ndi ndani. Charles Sherrington, katswiri wamkulu wa nthawi imeneyo amene anadzalandira Nobel mu 1932, ankatsamira kwambiri pa ma reflex, zija zoti ukakhudza mbaula yamoto dzanja limathawa usanaganize. Maganizo ake anali oti mwendo ukasuntha minofu imatumiza uthenga kumsana, msana nkuyankha, yankholo nkuyambitsa uthenga wina, basi choncho ngati tcheni.

Brown anali mnyamata wa ku Edinburgh, wobadwa mu 1882, ndipo ankagwira ntchito mu labu ya Sherrington yemweyo ku Liverpool. Zomwe anafalitsa mu 1911 ali ndi zaka 29 ndi zankhanza ndithu tikaziona ndi maso a lero, koma pakepo ndi pamenepa. Anatenga mphaka wochotsedwa ubongo wakumtunda, nkudula minyewa yonse yomwe imabweretsa uthenga kuchokera kumwendo wakumbuyo kulowa mumsana, kutanthauza kuti msana sunkamvanso chilichonse cha mwendowo. Anasiya minofu iwiri yokha yolimbana ya pakakolo, wina wopinda wina wowongola, nkuimangirira ku timitengo tolemba pa pepala lopaka mwaye. Kenako anadula chingwe cha minyewa chodutsa m'fupa la msana, cha kumunsi kwa nthiti. Ndiye taganizani, uthenga wochoka kumutu kulibe, wochoka kumwendo kulibenso, mwa nzeru ya tcheni ija pamenepa pamayenera kukhala zii. Koma minofu iwiri ija inayamba kukoka mosinthana, uwu ukakoka uwu nkumasuka, ndendende mmene zimakhalira mphaka akamayenda. Zinali za kanthawi kochepa chabe koma zinalembeka pa mwaye paja.

Pofika 1914 anali atalongosola mmene ankaganizira kuti zimayendera, iye ankati ma half-centre. Magulu awiri a maselo a minyewa mumsana, lina la minofu yopinda lina la yowongola, gulu lina likamagwira ntchito limapondereza linzake mpaka litatopa, kenako linzake lija nkutenga malo. Ine ndimaziona ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, musi wina ukamatsika wina ukukwera ndipo palibe woimirira pambali kumawawerengera. Uthenga wochoka kumwendo Brown sanaukane ayi, iye ankati ntchito yake ndi kukonza sitepe kuti igwirizane ndi pomwe ukuponda, osati kuyambitsa.

Nanga zinatani kuti ziiwalike pafupifupi zaka 50? Apa nkhani imakambidwa pawiri. Yomwe imakoma kumva ndi yoti bwana wamkulu anaphimba mwana wasukulu. Koma Douglas Stuart ndi Hans Hultborn, omwe anafukula mbiriyi mu 2008, amaonetsa kuti sizinali zophweka choncho, Sherrington naye anali ataona kale zizindikiro zoti msana uli ndi kagundidwe kakekake ndipo zina mwa ntchito za Brown ankazivomereza, kungoti mtima wake unali pa ma reflex ndipo anthu anatsata dzina lalikulu. Ine ndimakhulupirira kwambiri Stuart ndi Hultborn poti anawerenga mapepala enieniwo. Komabe ku Cambridge James Gray ndi Hans Lissmann anali akadatsutsabe maganizo a Brown cha m'ma 1940 pogwiritsa ntchito achule, nde musaganize kuti Brown ankalimbana ndi mphepo.

Mbali ina Brown anadzipweteka yekha. Atakhala pulofesa ku Cardiff mu 1920 mtima unapita kumapiri. Anatsegula njira zitatu zatsopano kumbali ya Brenva pa phiri la Mont Blanc, ziwiri mu 1927 ndi 1928 ali ndi Frank Smythe amene anadzakangana naye koopsa, ina mu 1933, ndipo mu 1934 anali m'gulu loyamba kufika pamwamba pa Mount Foraker ku Alaska. Chomwe chimandiwawa nchoti mu 1941 anaonetsa anzake kanema wa mphaka wopanda ubongo wakumtunda akuyenda pa treadmill, makina a lamba wozungulira amene umayendapo uli pamalo amodzi, liwiro la lamba likakwera nayenso nkumafulumira, koma sanalembe pepala lililonse. Chifukwa chake olemba mbiri amangoganizira, mwiniwake sanasiye yankho lomveka.

Zotsatira ndingodutsamo. Mu 1961 Donald Wilson anapeza zofananazo pa kuuluka kwa dzombe. Mu 1966 ku Moscow Shik, Severin ndi Orlovsky anayendetsa mphaka pa treadmill pogunda ndi magetsi kamalo kamodzi m'tsinde la ubongo, akawonjezera mphamvu mphaka nkuchoka pa kuyenda kufika pa kuthamanga. Ku Göteborg ku Sweden Anders Lundberg ndi Elzbieta Jankowska anapeza maselo mumsana omwe amapondererezana monga Brown ananenera, ndipo Lundberg ndi amene anadzutsa dzina lake. Masiku ano amangoti central pattern generator, ndipo zadziwika kuti magulu awiri aja ndi ochepa, mumsana muli mitundu yambiri ya maselo yogawana ntchitoyi.

Ku Lausanne kuja magetsi a kachipangizo ka kumsana kwa Oskam sawalunjikitsa pa magulu a Brown mwachindunji. Amagunda mizu yakumbuyo ya minyewa, yomwe imalowetsa uthenga wochoka kumiyendo, njira ija Sherrington ankaikonda, yomwenso Brown anaidula pa mphaka wake mu 1911.