Mawaya a m'mano pa ukulu, nanga muli ndi pakati?

Anthu akuluakulu ambiri amene amandifunsa za mawaya owongolera mano amayamba ndi kuseka mwamanyazi: “Adokotala, pa msinkhu uno sindinachedwe?” Ayi, simunachedwe. Dzino limasuntha ngakhale munthu ali ndi zaka 50. Waya akamalikankha pang'onopang'ono, fupa la mbali imene dzino likulowera limasungunuka, ndipo kumbuyo kwake kumamera fupa latsopano. Ntchito imeneyi thupi silisiya kuigwira. Kungoti imayenda mwaulesi, pafupifupi milimita imodzi pa mwezi, n'chifukwa chake ambiri amakhala ndi mawayawa chaka ndi theka mpaka zaka ziwiri, ena kupitirira apo. Chimene mawaya sangathe pa munthu wamkulu ndi kusintha nsagwada yeniyeniyo, poti inasiya kale kukula. Vuto likakhala m'fupa la nsagwada, pamafunikanso opaleshoni.

Ine zaka za munthu sizindidetsa nkhawa. Ndimayang'ana nkhama. Dzino lili ngati mzati: nthaka yozungulira ikakokoloka, kuukankha n'kuugwetsa. Akuluakulu ambiri ali ndi matenda a nkhama osadziwa, chifukwa poyamba sapweteka, amangoona magazi pa mswachi. Kuika mawaya pa nkhama zotere kumafulumizitsa kutha kwa fupa, mano n'kuyamba kugwedera. Choncho tiyambe tachiza nkhama, timate mano obooka, nkhani ya mawaya ibwere pambuyo.

Kwa ife a ku Mangochi pali chinanso, ulendo. Mawaya amafunika kukonzedwa pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi itatu, ndipo odziwa ntchitoyi ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Powerengera ndalama, musaiwale thiransipoti yodzera ku Liwonde ndi Zomba, kupita ndi kubwera, kwa zaka ziwiri. Abale athu a ku Joni amvetsenso: kuikitsa mawaya ku Johannesburg kenako n'kubwera kumudzi osapangana ndi wowayang'anira kuno ndi kudziputira mavuto. Waya wosiyidwa yekha amatha kupititsa dzino kolakwika, ndipo zakudya zokanirira m'tizitsulo togwira waya pa mano zimawoletsa mano. Aliyense wofuna kukuikani mawaya mufunseni ngati analembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala.

Tsopano amayi oyembekezera. Ngati pakati pakupezani muli kale ndi mawaya, musawachotse. Zitsulozo ndi zomatira zake sizidziwika kuti zimavulaza mwana. Uzani dokotala wa mano kuti ndinu woyembekezera, ndipo kusikelo muwauzenso za mawayawo. Koma ngati simunayambe, langizo langa ndi lakuti dikirani muchire kaye. Si kuti mawaya ndi oopsa. Poyamba pamafunika kujambula X-ray, ndipo nthawi zina kuchotsa mano kuti ena apeze malo. Kuwala kwa X-ray ya mano n'kochepa kwambiri, moti dzino likatupa kapena kuchita mafinya timajambula ndi kuchiza ndithu, osadikira. Koma zosafulumira n'kuzichitiranji pa nthawi imene thupi lili ndi ntchito ina yaikulu? Miyezi yomalizira ngakhale kugona chagada pa mpando wathu uja kumachititsa chizungulire, nanji kukhala m'minibasi tsiku lonse.

Vuto lenileni la pakati ndi nkhama zomwe zija. Mahomoni amazichititsa kutupa ndi kutuluka magazi msanga, ndipo mawaya amawonjezera malo obisalamo zonyansa. Ena amamera kachotupa kofiira pakati pa mano, komwe nthawi zambiri kamaphwa mwana akabadwa. Magazi asakusiyitseni kutsuka. Tsukani kawiri pa tsiku ndi mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fluoride, mudutsenso pansi pa waya. Mukasanza musathamangire mswachi, chifukwa asidi wa m'mimba amakhala atafewetsa kunja kwa dzino. Chukuchani ndi madzi, kapena madzi osungunuliramo soda wophikira pang'ono, mudikire mphindi 30 kapena kuposa. Zija amati mwana amayamwa kashiamu wa m'mano a mayi ake si zoona. Mano amawonongeka ndi masanzi, zotsekemera zodyaidya ndi kuleka kutsuka.

Waya akangomangidwa kumene mano amawawa masiku angapo. Panado ndi wokwanira. Brufen ndi anzake mayi woyembekezera asamwe popanda kuuzidwa ndi dokotala, makamaka kuyambira milungu 20. Pa zakudya, nsima, chambo, mpunga ndi masamba palibe choletsa. Zogumula tizitsulo ndi nzimbe, chimanga chootcha, mtedza wokazinga, kutafuna nthangala za malambe, ndi chizolowezi chotsegula botolo ndi mano.

Mawaya akachoka ntchito siinathe. Mano amafuna kubwerera kumene anali, choncho mudzapatsidwa kogwirizira kotchedwa retainer, kovala usiku kapena komatidwa kuseri kwa mano. Munthu wamkulu ayembekezere kukhala nako zaka zambiri, ndipo mtengo wake muufunsiretu pa tsiku loyamba.